Mutu 6: Kumeretsa Mizu pa Nthambi ya Mkuyu

Mkuyu ndi mtengo wobereka mosaumira. Nkhuyu imodzi imakhala ndi timbewu tambirimbiri, tochepa kuposa njere za mawere, ndipo mtengo umodzi waukulu wa m'mbali mwa mtsinje wa Likangala umagwetsa nkhuyu zoti munthu sangathe kuziwerenga. Koma mukayang'ana pansi pa mtengowo, mbande zake sizipezeka kawirikawiri. Timbewuto timafuna kuwala ndi chinyezi chosalekeza kuti timere, ndipo tochepa timene tamera timatha ndi mbuzi, khasu, moto wolusa kapena madzi osefukira tisanafike n'komwe m'mawondo. N'chifukwa chake ambiri a ife timauona mkuyu ngati mtengo wobzalidwa ndi mbalame ndi mileme, osati ndi munthu. Ukagwa ndi mphepo, kapena ukadulidwa kuti awotchere njerwa, pamalopo pamakhala pululu mpaka kalekale.

Komatu munthu angathe kupanga mkuyu watsopano, wofika m'chiuno, wamasamba ake ndi mizu yake, m'miyezi iwiri kapena itatu yokha. Zofunika ndi mpeni wakuthwa, pepala la pulasitiki, chingwe ndi utuchi wodzaza manja awiri. Njira yake ndi yomeretsa mizu pa nthambi, nthambiyo ikadali pa mtengo, kenako n'kuidula ndi kukaibzala payokha. Alangizi a zamitengo amaitchula air layering kapena marcotting. Alimi a ku China akhala akuchulukitsa nayo mitengo ya zipatso za lychee kwa zaka mazana ambiri, ndipo imagwiranso bwino pa gwafa ndi ndimu. Pa mitengo yonse imene tili nayo, mtundu wa mikuyu ndi umodzi mwa yosavuta kwambiri, kotero wophunzira njirayi ayambire pamenepa.

Mikuyu imene tikunena

Padziko lonse pali mitundu ya mikuyu yoposa 800, ndipo ophunzira za zomera amaiyika yonse m'gulu limodzi lotchedwa Ficus. Kuno ku Zomba itatu ndiyo ikutikhudza. Woyamba ndi mkuyu weniweni, Ficus sycomorus, wa khungwa lotuwa mokhala ngati lachikasu, wokonda m'mbali mwa mitsinje, umene nkhuyu zake zimamera m'magulumagulu pa tinthambi totuluka pa thunthu ndi pa nthambi zikuluzikulu. Ndi mtengo womwewo umene Zakeyu anakweramo ku Yeriko, ndipo mneneri Amosi ankagwira ntchito yosamalira mitengo yomweyi. Wachiwiri ndi kachere, mtengo wa pabwalo la mfumu, umene dzina lake lili pa mabuku a Kachere Series osindikizidwa konkuno. Kachere nthawi zambiri amayamba moyo wake pamphanda ya mtengo wina pamene mbalame inasiya mbewu, n'kutsitsa mizu mpaka pansi, n'kuukulunga mtengo womusungawo mpaka kuupha. Wachitatu ndi mkuyu wobwera, Ficus carica, wamfupi, wa masamba ogawanika ngati zala, umene ena amabzala m'mipanda chifukwa cha nkhuyu zake zotsekemera. Kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kum'mawa kwake.

Makolo anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anaona bwino, ngakhale kuti tizilombo tambiri ta m'katimo si nyerere ayi. Mkuyu suonetsa maluwa kunja. Nkhuyu ikadali yaiwisi ndi kathumba kotsekeka, ndipo maluwa onse ali m'kati mwake. Chimene chimafikitsa mungu m'menemo ndi kamavu kakang'ono kwambiri, kotalika mamilimita awiri kapena kucheperapo, kamene kamalowera pa kabowo ka kunsonga, n'kuikira mazira, n'kufera momwemo. Ana ake akaswa, aamuna amakhala opanda mapiko, ndipo amenewa ndi amene timawaona akukwawa tikaibanda nkhuyu. Aakazi amatuluka atanyamula mungu kukasaka mtengo wina. Pafupifupi mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi kamavu kakekake. Kumene kamavuko kulibe, mbewu sizikhwima. Ku Egypt mkuyu wathu womwewu wakhala ukulimidwa kwa zaka zikwi zambiri popanda kamavu kake, ndipo anthu akumeneko akhala akuuchulukitsa ndi nthambi basi. Mkuyu wobwera nawonso, mitundu yake yambiri ya m'mipanda imabereka popanda mungu, ndiye kuti mbewu zake n'zopanda kanthu. Ngakhale mutapeza mbewu yomera, mtengo wotulukapo sufanana ndi mayi wake, ndipo ungathe kubereka nkhuyu zosadyeka. Wofuna kukoma kwa mtengo umene analawa kwa mnansi wake atenge nthambi ya mtengo womwewo.

Chimene chimachitika m'kati mwa nthambi

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse, kaya ndi wofuna luzi, wofuna mng'oma wa njuchi kapena wofuna mankhwala, umauma pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mu mtengo muli njira ziwiri. Madzi ndi mchere wa m'nthaka zimakwera kudzera mu mtengo weniweni wolimbawo. Chakudya chimene masamba apanga ndi dzuwa chimatsika kudzera m'kati mwa khungwa. Khungwa likachotsedwa kuzungulira, madzi amakwerabe, masamba amakhalabe obiriwira, koma chakudya sichitsikanso, ndipo mizu imafa ndi njala.

Pomeretsa mizu pa nthambi timachita zomwezo mwadala, koma pa nthambi imodzi yokha. Mizu ya mtengo sivutika chifukwa nthambi zina zikuidyetsabe. Nthambi yosendedwayo imalandirabe madzi kuchokera kwa mayi wake, choncho sifota. Chakudya cha masamba ake chimatsika n'kuima pamwamba pa bala, pamodzi ndi timadzi totchedwa auxin, topangidwa kunsonga za mphukira, timene timauza mmera kuti utulutse mizu. Pamalopo pamatupa, ndipo ngati pali mdima ndi chinyezi, mizu imatuluka. Ubwino wonse wa njirayi wagona pamenepa: nthambi imapanga mizu isanasiye kumwa.

Kachitidwe kake

Yambani ndi kusankha mtengo, osati nthambi. Ukhale wathanzi, wobereka bwino, wopanda masamba amawangamawanga kapena opiringizika, chifukwa matenda a mayi amapita ndi nthambi yake. Kenako sankhani nthambi yolandira dzuwa, yowongoka kapena yoloza m'mwamba, ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yonenepa ngati chala cha mkombaphala kapena chachikulu, yotalika masentimita 50 mpaka mita imodzi kuchokera kunsonga. Nthambi yaikulu kwambiri imakopa maso, koma mizu yoyamba imalephera kuimwetsa ikadulidwa.

Pezani mfundo, pamene pamera tsamba, ndipo chotsani masamba oyandikana napo. M'munsi pang'ono mwa mfundoyo zungulizani mpeni podula khungwa lokha, osalowa mu mtengo. Dulaninso chimodzimodzi masentimita awiri kapena atatu m'munsi mwake, n'kung'amba kakhungwa ka pakatipo. Mkuyu umatuluka utomoni woyera wonanda, womwe uja anyamata amaphikira ulimbo wa mbalame. Usalowe m'maso, ndipo wa mkuyu wobwera umatha kutentha khungu la munthu likaombedwa ndi dzuwa, choncho sambani m'manja mukamaliza. Dikirani pang'ono utomoniwo uleke kutuluka, muupukute.

Tsopano pali ntchito imene ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene imalephetsa ambiri. Khungwa likachoka, pa mtengo pamatsala kachikopa koterera, kobiriwira pang'ono, kotchedwa cambium. Kameneka ndi kamene kamapanga khungwa latsopano. Mukakasiya, bala limapola m'masabata ochepa, chakudya chimayambanso kutsika, ndipo pomasula mudzapeza chipsera chabwinobwino chopanda ngakhale muzu umodzi. Kapaleni ndi msana wa mpeni kuzungulira konse mpaka mtengo uoneke woyera ndi wosaterera. Kupala kokha, osati kusema, chifukwa mukalowa kwambiri nthambi idzathyoka ndi mphepo.

Chokulungira pa bala chiyenera kusunga madzi komanso kulola mpweya. M'mayiko ena amagwiritsa ntchito ndere zogula kapena makoko a kokonati. Ife tili ndi utuchi, umene ku Zomba susowa chifukwa cha macheka a paini wa kuphiri ndi akalipentala a m'tauni. Ukhale wakale, wodera, umene wagonera mvula, chifukwa watsopano uli ndi utomoni wa paini ndipo umatentha ukamaola. Uvikeni m'madzi usiku wonse, musakanize ndi dothi pang'ono lakuda la masamba oola, kenako mufinye m'manja mpaka madzi asiye kudontha. Wonyowa kwambiri umaoletsa nthambi, wouma sumeretsa kanthu. Ndere za pa miyala ya ku Chawe, pa phiri la Zomba, zimagwira bwino ntchitoyi, koma ndikupempha kuti zisiyidwe pomwe zili. Zimakula pang'onopang'ono, ndipo n'zimene zimathandiza kusunga chinyezi cha m'nkhalango imene mitsinje yathu imachokera.

Mangani pepala la pulasitiki m'munsi mwa bala, mulidzaze ndi utuchiwo mpaka upange chibulunga choposa nkhonya, chophimba bala lonse ndi mfundo ya pamwamba pake, chifukwa mizu imatulukira cha kumtunda kwa bala osati kumunsi. Pepala la shuga lotha ntchito ndi lolimba bwino ndipo limaonetsa za m'kati. Mangani kumwamba molimba ndi malegeni kapena luzi kuti madzi a mvula asatsikire m'katimo ndiponso nyerere zisalowe kukamanga chisa. Pomaliza kutirani ndi chiguduli, nyuzipepala kapena pulasitiki wakuda, popeza mizu imafuna mdima, ndipo dzuwa la mwezi wa October likaomba pa pulasitiki woonekera limaphika mizu yanthete. Ngati nthambi ndi yolemera, imangirireni ku ndodo kapena ku nthambi inzake. Mankhwala omeretsera mizu ogulitsidwa m'masitolo a zaulimi amafulumiza, koma pa mkuyu ndi kachere safunikira.

Kenako n'kudikira. Sabata iliyonse vundukulani chiguduli muone. Ngati m'kati mwa pulasitiki muli timadontho ta nthunzi, zili bwino. Ngati mwauma, masulani kumwamba muthiremo madzi pang'ono. Nyengo yofunda mizu yoyera imayamba kuoneka pakati pa masabata anayi ndi asanu ndi atatu. Musathamangire kudula poona muzu woyamba. Dikirani mizu ichuluke, izungulire chibulunga chonse, ndipo ina iyambe kusintha kuchoka pa kuyera n'kukhala yofiirira.

Nthawi yabwino kwathu kuno

Mizu imamera pamene mtengo ukukula ndipo khungwa likusendeka mosavuta. Kuno zimenezi zimayamba kuzizira kukatha, cha mu September, masamba atsopano akamaphuka, mpaka m'kati mwa dzinja. Womanga mu September kapena October amadula mu November kapena December, n'kukhala ndi mtengo wokonzeka kubzala mvula itakhazikika. Vuto la miyezi imeneyi ndi kuuma kwa utuchi, ndiye pamafunika kuyendera pafupipafupi. Womanga mvula itayamba savutika ndi kuuma koma ndi kuola, ndipo mtengo wake umafika kumunda mvula ili pafupi kutha, motero adzayenera kuthirira chilimwe chonse. Ine ndimakonda kumayambiriro kwa October. June ndi July ndi miyezi yongotaya nthawi, makamaka chiperoni chikagwa.

Kumbukiraninso kuti Zomba si malo amodzi. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga za phiri, monga Malumbe, zimapitirira mamita 2,000. Nthambi yomangidwa ku Matawale kapena ku Jali imera mizu msanga kuposa yomangidwa pafupi ndi damu la Mulunguzi tsiku lomwelo. Wa kuphiri awonjezere masabata awiri kapena atatu, ndipo asataye mtima.

Tsiku lodula ndilo loopsa pa moyo wonse wa kamtengoka. Dulani madzulo kapena kunja kuli mitambo, m'munsi mwa chibulunga, ndi sowo kapena mpeni, osati chikwanje chogwedeza mizu. Chotsani theka la masamba kapena kuposerapo, chifukwa kuyambira pano mizu yochepayo ndiyo ikumwetsa nthambi yonse. Masulani pulasitiki mosamala, koma utuchi musausase. Mizu imeneyi ndi yofewa ndipo imathyoka ikangokhudzidwa. Ikani chibulunga chonse mu chubu chachikulu kapena m'chidebe chobooka pansi, mudzaze dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino, muthirire, muike pamthunzi posaomba mphepo. Masamba ena adzagwa, musadandaule. Mphukira zatsopano zikaoneka, patatha masabata atatu kapena anayi, yambani kuutulutsira padzuwa pang'onopang'ono, kenako muwokere. Pulasitiki uja musamutaye pamtsinje.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji osangodula nthambi n'kuizika? Funsoli n'lomveka. Mzati wa kachere wozikidwa pa mpanda nthawi zambiri umaphuka wokha, ndipo mkuyu wobwera umamera ndi timitengo todula. Munthu anadziwa zimenezi kale kwambiri: pa malo otchedwa Gilgal m'chigwa cha Yorodano, ofukula zakale anapeza nkhuyu zopanda mbewu za zaka zoposa 11,000, zimene ena amati ndi umboni woti anthu ankabzala kale nthambi za mkuyu. Wofuna mitengo yambirimbiri pa nazale azike timitengo. Koma nthambi yozikidwa imakhala masabata angapo yopanda mizu, ikulimbana ndi dzuwa, chiswe ndi kuola, ndipo mkuyu weniweni sugwira mosavuta ngati kachere. Yomeretsedwa pa mtengo imafika pansi ili kale ndi mizu, ndi yaitali moti udzu suitsamwitsa, ndipo ikalephera mwangotaya nthambi imodzi. Pa mkuyu wobwera pali ubwino wina. Mtengowu umavutika ndi timinyongolotsi totupitsa mizu, tomwe alimi a fodya ndi tomato amatidziwa bwino. Mphukira yokumbidwa patsinde imabwera nato, pamene nthambi yomera mizu m'mwamba, mu utuchi woyera, sinakhudze dothi la mayi wake.

Zimene Zomba yaphunzira kale

Kuyesa mitengo si kwachilendo mu mzinda uno. Munda wa zomera wa m'mbali mwa Mulunguzi unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, m'nthawi ya Harry Johnston, kuti aziyeserapo mbewu zobwera, ndipo ndi Whyte yemweyo amene dzina lake linapatsidwa kwa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Lero mundawo uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, lomwe likulu lake lili konkuno. Ngati simukudziwa mtundu wa mkuyu wanu, tengani kanthambi kamasamba ndi nkhuyu mupite nako kumeneko. Forestry Research Institute of Malawi nayonso ili mu Zomba momwemuno.

Ku Makoka, cha ku Thondwe, akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a boma anagwira ntchito yaikulu m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 yofuna kuti zipatso zakutchire zizilimidwa m'minda, makamaka masuku. Msuku wochokera ku mbewu umatenga zaka khumi kapena kuposerapo kuti ubereke, ndipo pali mitengo yaimuna yosabereka n'komwe. Iwo anasankha misuku yokoma ndi yobereka kwambiri mothandizidwa ndi anthu a m'midzi, n'kuichulukitsa pomezanitsa komanso pomeretsa mizu pa nthambi. Mitengo yotero inkabereka patangopita zaka zochepa, chifukwa nthambi yotengedwa pa mtengo wokhwima imakhala yokhwima kale. Koma msuku ndi wouma mutu poyerekeza ndi mkuyu, ndipo kumezanitsa kunkagwira bwino kuposa kumeretsa mizu pa nthambi. Phunziro lake n'lakuti njirayi si ya mtengo uliwonse. Mango ndi mapeyala amafuna kumezanitsa.

Zofooka zake, ndi malo obzala

Mtengo womeretsedwa chonchi ulibe muzu waukulu wolowa pansi umene mbande ya mbewu imayamba nawo. Zaka ziwiri zoyambirira umafuna mzati wouchirikiza, madzi m'chilimwe, udzu wophimba patsinde ndi mpanda waminga wotchinga mbuzi. Ukadutsa pamenepo, mkuyu umayala mizu yake patali ndipo umadziimira.

Chachiwiri n'chakuti nthambi zonse zotengedwa pa mtengo umodzi ndi mtengo womwewo. Matenda ogwira umodzi agwira yonse. Pa mkuyu wobwera wa m'mpanda zimenezi n'zimene tikufuna, koma pobwezeretsa mikuyu yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje tengani nthambi pa mitengo isanu, khumi, ya malo osiyanasiyana. Timavu tija timakhala moyo tsiku limodzi kapena awiri tikatuluka, choncho timafuna kuti nthawi iliyonse pa chaka pakhale mkuyu wina wokhala ndi nkhuyu zanthete. Timauluka patali modabwitsa: ku Namibia, m'mbali mwa mtsinje wa Ugab, ofufuza anapeza mungu wa mkuyu utayenda makilomita oposa 150. Komabe mikuyu ikachepa m'dera, timavu timachepa, mbewu zimachepa, ndipo mbalame, mileme, apusi ndi anyani amene amadalira nkhuyu nthawi imene zipatso zina kulibe amasowa chakudya n'kutsikira m'minda. Musamange nthambi zambiri pa mtengo umodzi. Pa kamtengo kakang'ono imodzi kapena ziwiri zakwana.

Mkuyu ndi kachere si mitengo ya pakhonde. Mizu yake imasaka madzi, imang'amba maziko, imalowa m'mapaipi ndi m'zimbudzi. Ibzaleni mamita 20 kapena kuposerapo kuchokera ku nyumba. Malo ake ndi m'mbali mwa mitsinje ndi makwawa, pa akasupe, kumanda, m'mphepete mwa bwalo la sukulu ndi pabwalo la mudzi. Amene anaona Likangala ndi mitsinje inzake mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy, akudziwa mmene gombe lopanda mitengo limagumukira. Mtengo suletsa madzi osefukira, koma mizu yake imagwira dothi, ndipo dothi limene latsala pagombe silikafika ku nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995 ndiponso kuphwa kwambiri mu 2018. Paini ndi bulugamu zili ndi ntchito yake ya matabwa, milimo ndi nkhuni, koma pa gombe la mtsinje mtengo woyenera ndi umene unali pomwepo kale.

Pomaliza pali nkhani ya chilolezo. Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la mu 1997 sililola kudula kapena kusenda mtengo m'menemo popanda chilolezo cha a Forestry. M'munda wa zomera uja funsani ogwira ntchito, kumanda ndi pabwalo funsani amfumu, kumpanda funsani mwini wake. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 December ndi kutsekedwa pa 15 April. Amene akufuna kudzabzala mkuyu wake tsiku lotsegulira ayende m'mbali mwa mtsinje mu September, asankhe mitengo yake, apemphe chilolezo, ndipo amange nthambi sabata yoyamba ya October isanathe.